Musakhudze Kanthu M'khitchinimo

6 Febuluwale

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo chiuno chija chayamba kumva mankhwala. Ine kuno ndili bwino, kungoti ntchito ya kunyumba yosamalira okalamba ilibe Lamulungu. Ndikaweruka miyendo imakhala ngati si yanga. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni mumangoti "eya, eya" ngakhale musanamve, makutu anuwo.

Chigwereni pa kampando kaja mukufikira mapoto pa shelefu ya m'mwamba, mtima wanga sunakhale pansi. Achimwene akuti musamuke mukakhale kwawo, nyumbayo aikemo anthu a lendi. Inu munandiuza mukulira kuti m'nyumba mwanu simutuluka, mukufuna muzidziphikira nokha mpaka tsiku lomwe Mulungu adzakuitaneni. Ndinamva, ndipo ndili mbali yanu.

Ndiye tamvani zomwe ndachita. Ndalipira kampani ina yoika makhitchini, ija ili ndi sitolo yaikulu ya magalasi okhaokha. Ndaona zithunzi zawo, Amayi, mpaka ndinakhetsa dovu. Adzabwera kudzayeza, adzachotsa makabati akalewo n'kuika atsopano kuzungulira khoma lonse, ndi sinki ndi madilowa omwe. Ndawauza mobwerezabwereza, ndipo zalembedwa pa pepala la mgwirizano, kuti mwini khitchini ndi wamfupi ndipo sayenera kukweranso pa mpando. Chilichonse chikhale pofikira dzanja. Zikatero achimwene asowa chonena.

Musakane, ndalipira kale zonse. Inu ntchito yanu ndi kuwatsekulira chitseko basi. Mundilembere zikatha, mundiuzenso ngati amalume anasiya kudzakutherani shuga.

Ndine mwana wanu,
Chitsiriza

19 Malichi

Chitsiriza wanga,

Kalata yako ndinalandira, ndipo ndinaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndi magalasi. Ine ndili bwino. Chiuno chimangodandaula kukazizira. Amalume ako ali bwino, shuga akuthabe.

Anthu ako aja anabwera. Woyeza anafika ine ndili kuchipatala kokaonetsa chiunochi, ndiye anamulandira ndi mchimwene wako. Kenako kunabwera amisiri awiri, anthu aulemu kwambiri, ovula nsapato pakhomo. Makabati akale anawazula tsiku limodzi n'kupita nawo pa lole yawo. Sindinkadziwa kuti zinthu zokhalitsa choncho zingatuluke m'nyumba msanga chomwecho.

Atsopanowo ndi oyera, onyezimira, ukhoza kudzionerapo nkhope. Aneba akumabwera kudzaona. Wataya ndalama zambiri mwanawe, Mulungu abwezere pomwe wachotsa.

Pomaliza amisiriwo anandipatsa pepala loti ndisaine kuti ndakhutira. Wamkuluyo anati ndikapanda kusaina abwana awo sawalipira, ndipo ali ndi ana pasukulu. Anthu akhetsa thukuta m'nyumba mwanga, amwa tiyi wanga, ndikanawakaniza bwanji? Ndinasaina.

Masiku ano ndikumaphikira kuchipinda, pa kachitofu kamagetsi kaja ka poto mmodzi. Kumafunda bwino, ndiponso bedi lili pafupi. Ngati watsala ndi kangachepe unditumizire ndigule ndowa yaing'ono, yomwe ndili nayoyi ikundilemera.

Usade nkhawa za ine. Uzidya, pa chithunzi chija waonda.

Ndine mayi ako

2 Epulo

Alamu,

Landirani moni wa kuno, ana nawonso akupereka moni kwa azakhali awo. Ine ndi achimwene anu tili bwino, koma ndisakunamizeni, kalata ino si ya moni. Apongozi andiuza kuti anakulemberani kuti zonse zili bwino. Mukuwadziwa mayi anu: nyumba itapsa angakulembereni kuti kunja kukutentha pang'ono.

Khitchini yanu ija ndi chikomekome cha mkuyu. Makabati a m'mwamba awapachika kutali kuposa shelefu yomwe inawagwetsa ija. Ine wamtaline ndimachita kuima ndi zala za kumapazi. Mpata wa chitofu chachikulu anausiya wochepa, chitofucho sichinalowe, chili m'kolido anthu akuchilambalala. Paipi ya pansi pa sinki ikudontha chiikireni. Matabwa ake si matabwa, ndi utuchi womata. Amwa madzi, afufuma ngati buledi, ayamba chuku. Chitseko chimodzi chinazuka n'kuwagwera apongozi pa phazi. Achimwene anu anatseka madzi a m'khitchini, ndiye mayi anu akutunga ku bafa, mbale akutsukira m'beseni kuchipinda. Ndowa yomwe akupemphayo ndi ya ntchito imeneyo.

Ndinapita ku sitoloko. Ndinapeza bambo wina wa tayi, wonunkhira pafyumu, mano ali panja. Nditafotokoza, anatulutsa pepala lomwe apongozi anasaina n'kundiuza kuti, "Mayi, kasitomala wathu anakhutira. Nanga inu ndinu ndani?" Ndinamuyankha kuti, "Ndine amene ndimakolopa madzi a paipi yanu." Anaseka n'kutembenukira kwa anthu ena omwe ankasisita makabati a chionetsero. Ndinafuna kuwakuwira anthuwo kuti thawani, koma ndinakumbuka kuti ndavala yunifolomu ya kuntchito.

Ndajambula zonse, zithunzi ndaika m'kalata muno. Chitanipo kanthu msanga, chifukwa achimwene anu ayambiranso nyimbo yawo ija yoti apongozi asamukire kuno. Ine sindikuwakana, chipinda chilipo. Koma mayi anu akamva nyimboyo amasiya kudya.

Ndine mlamu wanu

20 Epulo

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa, koma mtima wanga ukuwira. Ndakuimbirani kangapo simukuyankha, ndiye muwerenge.

Munalipo tsiku loyeza. Munaima pomwepo, manja m'thumba, munthu akuyeza khoma ngati khitchiniyo ndi ya nyamalikiti. Simunamuuze kuti mwini wake ndi wamfupi? Kapena munaona kuti zikalakwika zikukomerani, nyumba ipite pa lendi? Ndafunsa, mundiyankhe.

Tsono mvetsani bwino, chifukwa anthu a tayiwa amadyera pa umbuli wathu. Wogula ali ndi ufulu. Katundu ayenera kukhala monga momwe tinagwirizanirana, ndipo ntchito iyenera kugwiridwa mwaluso. Pepala la mgwirizano likunena za makabati ofikirika, malisiti ndili nawo. Siginecha yomwe anawanyengerera Amayi ija siiumitsa paipi yodontha. Akuyenera kukonza ndi ndalama zawo, akalephera azule zinyalala zawozo n'kubweza zanga. Sitikupempha chifundo ayi, lamulo likutero.

Ndinawalembera kalata yodandaula, sanayankhe. Ndiye ndakasuma ku ofesi yoona za ufulu wa ogula, ndipo andiuza kuti atumiza woyendera adzaone ndi maso ake. Zomwe akalembe munthu ameneyo ndi zomwe zigamule mlandu.

Ndiye chonde, ndagwira mwendo wanu: musakhudze kanthu m'khitchinimo. Chitseko chozukacho chikhale pomwe chinagwera. Chukucho chisapukutidwe. Wina asabwere ndi hamala kapena guluu. Zowonongekazo ndiye umboni wathu. Muwauze Amayi, muwauzenso amalume, makamaka amalume, poti iwo akaona msomali wokhota satha kugona.

Za kusamuka musayambe n'komwe. Ndinawalonjeza Amayi kuti sachoka m'nyumba mwawo, ndipo akuba amenewa sandisandutsa wabodza.

Ndine mlongo wanu,
Chitsiriza

9 Meyi

Chemwali,

Tili moyo. Kalata yako yafika, ndipo mlamu wako anachita kundilanda kuti ndisaing'ambe.

Ukuti ndinaima manja m'thumba? Ndinapempha kuntchito kuti ndikamutsekulire munthu wako, pomwe iwe sunandiuze n'komwe kuti munagwirizana zotani. Anabwera ndi tepi yake ndi mapepala ake, ine ndinayesa akudziwa chomwe akuchita. Ndikanalota? Iwe umatumiza ndalama ndi malamulo, onyamula ndowa ndi ife kuno. Ukusamalira makolo a eni kumeneko, ako akuyenda pa simenti yonyowa.

Zoti ndikufuna nyumba ya Amayi ndakukhululukira chifukwa uli kutali. Bwera udzaone mayi ako akukoka ndowa m'kolido, dzanja lina ndodo, ndiye udzandiuze kuti woipa ndani.

Ku sitolo ndapitako mpaka mlonda wayamba kundifunsa za kunyumba. Lero abwana atuluka, mawa abwana ali pa msonkhano, mkuja kompyuta yafa. Tsiku lina ndinakweza mawu, wa tayi uja anati ndikuopseza makasitomala. Ndinamuuza kuti ndikuwapulumutsa. Pamenepo pokha ine ndi iwe tikugwirizana: amenewa ndi akuba otchena.

A ku ofesi yako aja aimba, akuti woyendera abwera Lachinayi la sabata yamawa. Amayi ndawauza kuti kukubwera bwana kudzaona khitchini, asakhudze kanthu. Anangoti chabwino. Ine tsikulo ndili pa ntchito, sindingapemphenso, mlamu wakonso chimodzimodzi.

Ndikupirira chifukwa cha mlandu wakowu. Koma dziwa kuti ufulu wa ogula sutunga madzi. Zikapitirira chonchi Amayi ndidzawatenga, kaya ukwiya kaya sukwiya.

Mchimwene wako

21 Meyi

Mwana wa mlongo wanga,

Ndine amalume ako. Sindilembalemba makalata, koma nkhani yabwino siyenera kugona. Ndili bwino, kupatula msana womwe ndaupweteka pokugwirira ntchito, monga umve.

Mayi ako anabwera kwathu nkhope itagwa. Akuti kukubwera bwana wamkulu kudzayendera khitchini, pomwe m'khitchinimo muli chuku, muli fungo, chitseko chili pansi. Akuti, "Alongo, munthu wa ulemu wake adzaone zimenezi, sadzati mayi ameneyu ndi wauve? Ndidzayang'ana kuti?" Anatchulako zoti ana anena kuti tisakhudze, koma ine ndinati ana a masiku ano manyazi sawadziwa. Mlongo wanga sangachite manyazi pamaso pa mlendo ine ndili moyo, manja ndili nawo, zida zili m'bokosi.

Tinaigwira ntchito, mwanawe. Paipi ndinaimanga ndi mphira wa chubu cha njinga, sikudonthanso ngakhale kadontho, madzi tatsekula. Chitseko ndinachibwezera ndi mahinjesi a pa wodilopu yanga yakale. Thabwa lofufumalo ndinalipala n'kumatapo pulasitiki ya maluwa. Mayi ako anakwecha chuku chonse ndi sopo ndi bulashi, pansi anapaka polishi. Mapoto tinawatsitsa m'mwamba muja n'kuwandandalika bwinobwino pa tebulo. Chitofu cha m'kolido tinachifunditsa nsalu yoluka n'kuikapo maluwa, ukanaona ukanati chinabadwira pomwepo.

Bwanayo anabwera, munthu wofatsa wa magalasi. Tinamulandira ndi tiyi ndi mabisiketi. Anafunsa mayi ako kuti, "Amayi, vuto lili pati?" Iwo anati, "Aa, mavuto ndi a dziko, mwanangu, ife tikungothokoza." Anatsekula mpopi, madzi anatuluka. Anakoka zitseko, zinatsekuka. Anafunsa ngati makabati a m'mwamba amawafikira, iwo anati zonse zofunika zili pa tebulo. Anayamikira kuti nyumba ndi yaukhondo, analemba zake, anapita akumwetulira. Sitinachite manyazi ngakhale pang'ono.

Mayi ako tsopano akutsukira mbale mu sinki, akuimba ndi nyimbo zomwe. Ukapeza mpata unditumizire ya guluu ndi pulasitiki, za msana sindikuwerengera.

Amalume ako

14 Juni

Amayi,

Moni.

Lipoti la woyendera uja lafika. Akuti sanapeze vuto, khitchini ikugwira ntchito, mwini wake akuthokoza. Kampani nayo yandilembera, mwaulemu wonyoza, kuti popeza munthu wosadziwika wapala matabwa awo n'kusintha mahinjesi, iwo zawo zatha, sakonzanso kanthu. Amalume andipha, Amayi, ndipo akufuna ndiwalipire guluu!

Munthu uja sanabwere kudzaona ngati mumakolopa. Anabwera kudzaona zomwe anatilakwira. Inu mwatenga umboni wonse n'kuukwecha ndi sopo. Wakuba wakuberani, inu mukusesa mapazi ake kuti alendo asaone? Manyazi amenewa atidyetsa chiyani? Miyezi yonse ija ndinkagwira mashifiti awiriawiri, osagula ngakhale nsapato, kuti inu mukhale m'nyumba mwanu. Ndalira, Amayi, kulira kwa ukali.

Koma sindigonja. Ndachita apilo. Ndatumiza zithunzi za alamu zija pamodzi ndi kalata ya amalume, poti podzitama alemba okha zonse zomwe zinali zowonongeka. Adzatumiza woyendera wina, kungoti akuti odikira ndi ambiri.

Pakali pano ndawauza alamu achotse mphira wa amalume ndi pulasitiki yawoyo, atseke madzi, akhome chitseko cha khitchini ndi loko, kiyi asunge iwo. Ndikudziwa kuti mukwiya. Koma ndikakusiyirani kiyi mudzalowamo ndi chikolopa, ndimakudziwani. Pirirani pang'ono kuchipindako, kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikapambana mudzandithokoza.

Mwana wanu,
Chitsiriza

17 Julayi

Alamu,

Moni. Tonse tili bwino, kupatula chimfine cha ana.

Ndachita zomwe munanena, koma musadzanditumenso ntchito yotere. Ndinadula mphira, ndinamatula pulasitiki, ndinatseka madzi. Apongozi anaima m'kolido akundiyang'ana. Pokhoma lokoyo ine misozi inali mbwe. Iwo anangoti, "Khoma mwanangu, watumidwa."

Nkhani ina ndi iyi. Wa tayi uja, atamva za apilo yanu, anapita kunyumba kwa apongozi! Ine ndinangopezerera, ndinkawapititsira mkaka. Ndinamupeza atakhala pa mpando wabwino uja wa pabalaza, kapu ya tiyi m'manja, pa tebulo pali ketulo yatsopano yamagetsi ndi pepala. Akuti ketuloyo ndi mphatso ya kampani, amayi angosaina apa kuti nkhani yatha mwamtendere. Mayi anu n'kuti atayamba kale kufunafuna magalasi. Ndinatsomphola pepalalo n'kumufunsa kuti, "Lero mwandizindikira kuti ndine ndani?" Ndinamuuza kuti wodandaula ndi amene analipira, akafuna siginecha amutsatire komwe ali. Anatuluka ketulo yake kukhwapa, tiyi osamaliza. Apongozi anandikalipira kuti ndathamangitsa mlendo, mpaka lero akundiyankha mwachidule.

Tsono alamu, ndikupempheni. Mayi anu akufooka. Ndowa ija akumachita kuikoka, madzi akutayikira m'kolido monse. Ine sindingakhaleko tsiku lililonse, ndili ndi ntchito ndi ana. Woyendera wanuyo abwera liti? Ndiloleni nditsekule, amalume amangenso mphira wawo, tidzachotsa tikamva kuti akubwera. Zithunzi muli nazo kale. Mlandu ndi wofunika, sindikukana, nanenso ndikufuna ndimuone wa tayiyo atagwa nkhope. Koma ine kiyi ameneyu akundisowetsa tulo.

Mundiyankhe msanga.

Mlamu wanu

28 Ogasiti

Chemwali,

Moni. Amayi anandiletsa kukuimbira, akuti ungasiye ntchito n'kuthamangira kuno. Kulemba sanandiletse.

Mayi ako agwa. Ankachokera ku bafa ndi ndowa ya madzi otsukira mbale, anaterereka m'kolido, pakhomo penipeni pa khitchini yako yokhomayo. Anawapeza ndi aneba atamva kuitana. Chiuno chomwe chija, ulendo uno chathyoka. Achitidwa opaleshoni, atuluka, ali kwathu kuno. Adokotala anena poyera kuti asakhalenso okha. Mlamu wako anakupempha kuti atsekule, iwe unamuyankha pa foni kuti apirire pang'ono. Iye akudziimba mlandu, sakudya. Ndamuuza kuti mlandu si wake.

Woyendera wachiwiri anabwera iwo ali m'chipatala, mlamu wako anamutsekulira. Anapeza zonse monga unafunira: chuku mpaka kukhoma, matabwa ofufuma, fungo loti munthu agwire mphuno. Umboni wako unasungika bwino kwambiri. Amene sanasungike ndi mayi ako.

Nyumba ndaikamo anthu a lendi, mphunzitsi wina ndi mkazi wake, tasainirana chaka chathunthu. Ndawatsitsira mtengo chifukwa akuphikira pakhonde podikira mlandu wakowo. Ndalamayo ikulipira chipatala ndi mayi amene amabwera kudzawaphunzitsa Amayi kuyenda. Usandilembere za malamulo. Ukafuna kunditukwana bwera udzanditukwanire pano, koma uyambe wawaona.

Mchimwene wako

1 Seputembala

Amayi okondedwa,

Muli bwanji? Kwangoti zii, palibe akundilembera, foni yanu ikungoitana. Ndikudziwa mwandikwiyira chifukwa cha loko uja. Lero mkwiyo uthe.

Tapambana, Amayi! Chigamulo chafika m'mawa uno, ndinachiwerenga nditaimirira, ndinakuwa mpaka anzanga kuntchito anathamangira. Woyendera wachiwiri walemba zonse. Akuti siginecha yanu ija siichotsa ufulu wa wogula, ndipo zomwe anachita amalume sizinayambitse vuto, vutolo analipeza. Kampani yalamulidwa kuzula zonse, kuyezanso mwini khitchini ali pomwepo, ndi kuika makabati atsopano a matabwa enieni popanda kulipiritsa. Mtundu musankha nokha. Wa tayi uja wandiimbira, mawu atachepa, akuti pepani mayi. Ndamuuza kuti pepaniyo akapereke kwa inu, atagwada.

Ndiye achimwene muwauze nyimbo yawo ija aipinde aike m'thumba. Simuchoka m'nyumba mwanu, ndinakulonjezani. Ndayamba kusunga ya ulendo. Ndidzabwera kudzadya zophika inu, m'khitchini mwanu, ine nditangokhala osathandiza.

Mundiyankhe, ngakhale mzere umodzi.

Chitsiriza wanu

25 Seputembala

Chitsiriza,

Ndili moyo. Ndikuyenda ndi chitsulo cha miyendo inayi, kuchoka pa bedi kufika pa zenera. Pofika pano kalata ya mchimwene wako waiona, ndiye sindibwereza.

Yako ija inafikira kunyumba kwanga. Anabwera nayo kuno ndi mkazi wa mphunzitsi uja, mayi wabwino, ali ndi pakati. Anaodira, anagwada, anandipatsa ndi manja awiri.

Wapambana, ndamva. Tsopano nawe undimvere, chifukwa chaka chino chonse aliyense wakhala akundilankhulira.

Ndakwiya, mwanawe. Ndakwiyira anthu a sitolo aja, amene anaona nkhalamba n'kuona potayira zinyalala zawo. Ndakwiyira mchimwene wako, amene anapereka makiyi anga kwa eni ine ndili chigonere m'chipatala. Koma iwe ndakukwiyira koposa, chifukwa ndiwe amene unandimva ndikulira. Ndinakuuza kuti ndikufuna kukhala m'nyumba mwanga. Sindinakuuze kuti ndikufuna makabati onyezimira. Ukanandifunsa, ndikanakuuza kuti amalume ako anditsitsire shelefu imodzi, basi. Amati safunsa anadya phula, koma phula lakolo ndadya ndine.

Ukuti ndinakwecha umboni. Eya ndinakwecha, ndipo nditadzuka lero ndingakwechenso. Iwe unkaona umboni, ine ndinkaona mophikira mwanga. Zaka zonsezi palibe mlendo amene anapezapo chuku m'nyumba mwanga, ndiye ndiyambe ndakalamba chifukwa a ku ofesi akufuna kununkhiza? Masabata aja a mphira wa amalume ako ndi okhawo chiyambire nkhaniyi omwe ndinatsuka mbale nditaimirira ngati munthu. Kenako mpongozi wanga anabwera ndi loko, akulira. Mwana wobereka ndekha kundikhomera khitchini yanga, kiyi n'kupatsa wina! Chiuno chimapweteka, koma sichifika pamenepo.

Za ufulu wa ogulazo sindikutsutsa. Uwalondole ndithu, aike khitchiniyo, asadzachitenso zotere kwa mayi wina. Koma wogula unali iwe. Ine wanga ufulu sindinauone pa pepala lililonse, ngakhale lomwe ndinasaina lija.

Mkazi wa mphunzitsiyo anandifunsa mwaulemu za mtundu wa makabati, poti a kampani afika kale kudzanena tsiku loyeza. Ndamuuza asankhe yekha, wophikamo ndi iyeyo.

Kuno akundisunga bwino, mlamu wako usamunene. Amandichapira, amandisambitsa, chakudya sichichedwa. Dzulo ndinadzikoka mpaka kukhitchini kwake kuti ndimuthandizeko kusenda anyezi. Anandilanda mpeni mwaulemu, akuti, "Pumulani amayi, mungadzicheke." Ndinabwerera pa zenera.

Ulendo wakowo usausinthe, bwera ndithu ndikuone, koma usanyamule njala ya zophika ine. Udzandipeza pa zenera pomwepo, ndikudikira kuti andiitane kukadya.

Ndine mayi ako